Mlembi Asamadzimvere Yekha

 Lero ndikufuna ticheze za anthu amene ntchito yawo sitiiona ikamagwiridwa, timangoiona itatha. Ndikunena olemba nthano, ndakatulo, masewero ndi mabuku a nkhani zazitali. Inenso ndine mmodzi wa iwo, ndiye zina zimene ndikambe pano ndi zimene ndimakumana nazo ndekha.

Kodi mlembi wa kuno kwathu amalemba nthawi yanji? Amalemba nthawi yochita kuba. Ndi ochepa kwambiri, ngati alipo n'komwe, amene amadyetsa banja ndi nthano zokha. Tangoonani mayina amene timawatchula ndi ulemu. Samuel Josiah Ntara, mwini wake wa Nthondo, anali mphunzitsi ku Nkhoma. Willie Zingani, amene anatipatsa Njala Bwana ndi Madzi Akatayika, ndi munthu wa ntchito ya utolankhani. Benedicto Wokomaatani Malunga analemba ndakatulo zake ali ndi udindo wolemera mu ofesi ya University of Malawi. Steve Chimombo ankaphunzitsa ku Chancellor College. Stanley Onjezani Kenani, amene nkhani zake zinafika m'ndime yomaliza ya mpikisano wa Caine Prize mu 2008 ndi mu 2012, ntchito imene anaphunzira ndi yowerengera ndalama. Onsewa masana anali a abwana ena. Zolemba zawo zinabadwa usiku, mbandakucha, patchuthi, kapena Loweruka masana ena atapita kumpira.

Ndiye tangoganizani mphunzitsi wa kusukulu ya pulaimale kwinakwake ku Ntchisi kapena ku Phalombe. Waweruka, wachonga makope a ana, wadya nsima, ana agona. Akutenga kope lake lalikulu lija, la chikuto cholimba, limene sabwereka munthu, akuyatsa tochi ya pafoni n'kuiika pamwamba pa kapu kuti iwalire patebulo. Udzudzu uli m'miyendo. Wangolemba ndime ziwiri, foni yatha moto. M'tauni namo si kuti zinthu zili bwino: uli pakati pa chiganizo pa kompyuta, magetsi thii, ndipo zimene sunasunge zapita. Ambiri a ife tinabwerera ku kope ndi cholembera chifukwa cha zimenezi, ndipo sitidandaula, pakuti dzanja limayenda pang'onopang'ono, ndipo maganizo amapeza mpata wokhwima.

Koma pali vuto lina limene alembi a kumaiko ena mwina salidziwa kwenikweni. Kwathu kuno munthu sadzitsekera m'nyumba masana popanda chifukwa. Ukatero anthu amayamba kufunsana: kodi wadwala? Wakwiya ndi ndani? Kapena wayamba kudzikonda? Mlendo akati odi pakhomo, sungamuyankhe kuti adikire umalize mutu wachitatu. Umatuluka, umamupatsa mpando, mumafunsana za kumudzi mpaka dzuwa kupendeka. Ndipo m'pofunika kutero, ndiwo umunthu wathu. Koma nkhani ija imakhala ikuzizira patebulo. Munthu wogwira khasu aliyense amaona kuti ali pantchito. Munthu amene wakhala pampando, maso ali kudenga, cholembera chili kukamwa, amaoneka ngati akungokhala, ndipo ndi iyeyo amene amatumidwa kuchigayo. Kwa amayi n'kuposa apa. Mayi wolemba amayamba waphika, wachapa, wasambitsa ana, wasamalira odwala, ndiye n'kumafunafuna mphamvu zotsala. Sizodabwitsa kuti tinadikira mpaka 1985 kuti tione buku la Walije Gondwe, Love's Dilemma, limene limatchulidwa ngati loyamba la nkhani yaitali losindikizidwa la mayi wa ku Malawi. Amayi odziwa kusimba nkhani analipo kuyambira kale, ndiwo ankatigoneka ndi nthano madzulo. Chimene analibe ndi nthawi, ndi wina wowalandira mphika kwa maola awiri.

Komabe kutumidwa kuchigayo kuja mlembi wanzeru sakudana nako. Nkhani zili kumeneko. Zili pamjigo, m'minibasi, pamzere wa kuchipatala, pabawo, pasiwa usiku anthu akayamba kumasuka. Mlembi weniweni ndi munthu wa khutu. Amamva mmene apongozi amakanira chinthu popanda kunena kuti ayi. Amamva mmene kondakitala amasinthira mawu akaona kuti wokwerayo ndi wachikulire. Amamva kuti mayi wa ku Dedza ndi mayi wa ku Mulanje sadandaula mofanana ngakhale vuto lawo likhale limodzi. Akafika kunyumba amathamangira kope kuti mawu aja asamuthawe. Ine ndimayenda ndi kapepala m'thumba la malaya, ndipo zambiri zimene anthu amayamikira m'nkhani zanga ndinazitola m'kamwa mwa anthu amene sadziwa n'komwe kuti anandipatsa kanthu.

Nanga chokoma chake n'chiyani, kuti munthu azidzizunza chotere? Ndikuuzeni mmene ndimachimvera ine. Pamakhala usiku wina umene mtengambali amene wakhala ukumukoka kwa milungu, wouma ngati chitsa, amayamba kulankhula yekha. Umafuna kuti apepese kwa mkazi wake, iye n'kukana. Amayankha mawu amene iwe sunawakonzere, ndipo ukawayang'ana umaona kuti ndi oona, munthu wotereyu sakanayankha mwina. Pamenepo dzanja limachedwa, mutu uli patsogolo, ndipo umadzazindikira atambala akulira. Chimwemwe chimenecho sindinachipeze pena paliponse. Chinanso chimabwera mochedwa, mwina patapita zaka: munthu wosamudziwa akukuimitsa panjira n'kunena kuti, "Nkhani ija munalemba ija, munkanena za malume anga." Iwe malume akewo sunawaonepo.

Koma usiku wotere ndi wa apo ndi apo. Masiku ambiri ntchito yake ndi kufufuta. Ndipereke chitsanzo cha pafupi. Tinene kuti ndalemba chonchi: "Mayiyo anali wokhumudwa kwambiri ndiponso wodandaula chifukwa mwamuna wake sanabwere usiku umenewo." Chiganizochi chilibe cholakwa pa malamulo a chiyankhulo. Mphunzitsi akhoza kuchichonga. Koma n'chakufa. Ndakuuzani zoti mumve chisoni, ndipo simunamve. Ndiye ndimachifufuta n'kuyesanso: "Anapakula nsima, yake ndi ya bambo, n'kuvundikira ya bamboyo ndi mbale. Anasonkhezera moto kawiri. M'mawa anavundukula mbale ija, anaima pang'ono, kenaka anaitana nkhuku." Apa sindinatchule kukhumudwa, koma ndikhulupirira kuti ena mwa inu mwamuona mayiyo, mwinanso mwakumbukira khomo lina lake. Kuchoka pa chiganizo choyamba kufika pa chachiwiri pamatha kupita madzulo athunthu. Ndipo buku lili ndi ziganizo zikwizikwi.

Tsopano ndifike pa chimene chandibweretsa pano. Chiganizo chakufa chija, mwini wake sachiona msanga. Kwa iye chimamveka bwino, chifukwa mayi uja ali kale m'mutu mwake, akumuona ndi chitenje chake chomwe. Sadziwa kuti papepala sanamuike. Pamafunika munthu wina, wa khutu lakuthwa ndi mtima wosaopa, woti amve n'kunena kuti, "Apa sindinamve kanthu." Kulemba umalemba wekha, inde, koma kudziwa ngati walembadi kumafuna mnzako. Ndipo ndikaona mbiri ya zolembalemba m'dziko muno, nthawi imene tinatulutsa alembi amphamvu motsatizana ndi nthawi imene alembi ankakhala pamodzi n'kumauzana zoona.

Mu 1970, ophunzira ndi aphunzitsi ena a ku Chancellor College, pamene koleji ija inali ikadali ku Blantyre isanasamukire ku Zomba, anayambitsa gulu lotchedwa Writers Group. Ankakumana sabata ndi sabata. Munthu ankabwera ndi ndakatulo kapena nthano yake, inkachulukitsidwa pamapepala, iye n'kuiwerenga mokweza, kenaka anzake n'kuyamba kuisenda. Wophunzira wa chaka choyamba ankatha kutsutsa mphunzitsi wake pa mzere umene sunamveke. M'gulu limeneli munadutsa Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Steve Chimombo, Felix Mnthali, Anthony Nazombe, Ken Lipenga ndi ena ambiri. Pofika 1971 anali atatulutsa kale kabuku ka ndakatulo kotchedwa Mau. Sindikhulupirira kuti Mulungu anangothira luso lonse pa m'badwo umodzi n'kumana ina. Luso limabadwa chaka chilichonse m'boma lililonse. Chimene anthu aja anali nacho ndi bwalo losulirana.

Ndipo kumbukirani kuti zimenezi zinkachitika m'nyengo yoopsa. Lamulo lokhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, la Censorship Board, linabwera mu 1968, ndipo chilichonse chopita kwa anthu chinkayenera kudutsa m'manja mwake. Mawu amodzi olakwika ankatha kumutsekeretsa munthu popanda mlandu. Alembi anaphunzira kulankhula mozungulira, monga amachitira akuluakulu pabwalo la milandu. Chimombo anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene anthu amati chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, n'kumangapo ndakatulo zimene wakumva ankamva. Mapanje anatenga bilimankhwe, kanyama kosintha maonekedwe, ndipo buku lake la Of Chameleons and Gods linatuluka ku London mu 1981. Patapita zaka zochepa linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu a m'dziko muno. Mu Seputembala 1987 Mapanje anamangidwa ku Zomba, n'kutsekeredwa kundende ya Mikuyu osazengedwa mlandu uliwonse, mpaka anatulutsidwa mu Meyi 1991. M'ndende sankaloledwa kulemba momasuka, ndiye ndakatulo ankazipanga m'mutu n'kumazisunga momwemo. Zina mwa izo zinadzatuluka mu 1993 m'buku la The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison, iye ali ku Britain. Mnthali nayenso analawako ndende. Chipasula anathawira kunja.

Sindikufuna wina amve ngati ndikusirira masiku amenewo. Ayi ndithu. Mantha aja anapha mabuku ambiri amene sitidzawawerenga, ndipo anabalalitsa anthu amene akanaphunzitsa ana athu. Chimene ndikunena n'chakuti ngakhale m'nyengo imene kukhulupirira mnzako kunali kuika moyo pachiswe, alembi anaonabe kuti kuwerengerana n'kofunika, ndipo ankapita.

Lero tili ndi ufulu wolemba, koma mavuto asintha nkhope. Wosindikiza mabuku ndi wamalonda, ndipo msika wodalirika wa mabuku m'dziko muno ndi sukulu. Buku likasankhidwa kuti ana alembere mayeso a MSCE, limagulidwa m'dziko lonse. Likapanda kusankhidwa, limachita fumbi pashelefu. N'chifukwa chake Nthondo, amene anapambana mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures n'kusindikizidwa mu 1933, akudziwikabe kwa achinyamata, pamene mabuku ena okoma a m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene Popular Publications ku Limbe ndi Dzuka ankatulutsa nkhani za Chichewa motsatizana, ndi osowa ngakhale uwafune ndi ndalama m'manja. Kale munthu unkatha kupeza Ikakuona Litsiro Sikata ya Jolly Max Ntaba kapena Sikusinja ndi Gwenembe ya John Gwengwe ikuyenda m'manja mwa anthu mpaka chikuto kuthothoka. Mwana wa lero akafuna nkhani ya Chichewa yongowerenga kuti asangalale, osati ya mayeso, apita kuti?

Mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wosindikizira umakwera nthawi yomweyo. Buku likatuluka n'kuyamba kuyenda, ena amalichita fotokope, ena amalijambula ndi foni n'kumagawana pa WhatsApp, mwini wake osaonapo ngakhale ya sopo. Bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992 kuti liteteze umwini wa zaluso, ndipo Malawi Writers Union yakhala ikusonkhanitsa alembi kuyambira 1995, koma mlembi wa kumudzi nthawi zambiri sadziwa n'komwe khomo loyambira. Inenso ndinasiyapo zolemba zanga kwa wosindikiza wina, ndinadikira mpaka kutopa, ndipo nditapita kukafunsa anandiuza kuti sakuziona. Mwayi wake ndinali ndi kope langa kunyumba. Achinyamata, musapereke zolemba zanu kwa munthu musanasunge zina.

Potopa ndi zonsezi, ambiri tsopano akudzisindikizira okha. Sindikuwadzudzula. Chimombo yemwe ankatulutsa yekha magazini yake ya zaluso ya WASI ndi mabuku ake ena. Koma iye anali atasulidwa kale. Chimene chimandiwawa ndi kuona mnyamata waluso atasonkha ndalama movutikira, mwina wagulitsa mbuzi, wathamangira kosindikiza ndi nkhani imene sinawerengedwepo ndi munthu wina aliyense. Buku latuluka, chikuto chokongola, mwambo wokhazikitsa wachitika, anthu ajambulitsa. Ukatsegula, tsamba loyamba lomwe muli zolakwika, nkhani yathamanga pamene inafunika kudekha, ndipo Chichewa chake ukachimvetsera umamva kuti munthuyu amaganiza m'Chingerezi n'kumamasulira. Luso lilimo, umaliona likuphethira apa ndi apo. Chimene chinasowa ndi munthu mmodzi woti amuuze kuti, "Achimwene, dikirani kaye, ibwezeni pamoto."

Mwina wina anena kuti, nanga si pa Facebook anthu amatiwerenga? Zoona, ndipo ndi chinthu chabwino. Intaneti yatsegula khomo limene kale linali ndi alonda. Upile Chisala anayamba kudziwika ndi ndakatulo zake zazifupi pa intaneti, ndipo lero akuwerengedwa m'maiko ambiri. Alakatuli monga Robert Chiwamba amamveka m'mafoni a Amalawi kuyambira ku Nsanje mpaka kwa abale athu amene ali pa ganyu ku Johannesburg. Koma tisasokoneze zinthu ziwiri. Anzako a pa Facebook amakuombera m'manja chifukwa amakukonda. Amalemba kuti "zaupo", "moto", n'kupitiriza ulendo. Palibe amene adzakuuze kuti ndime yachitatu ndi yongobwereza yoyamba, pakuti akatero pagulu aoneka ngati wansanje. Munthu ukazolowera kuomberedwa m'manja tsiku lomwelo umene walemba, umataya chizolowezi chosunga nkhani mwezi wathunthu n'kudzaiwerenganso ndi maso ozizira.

Ife a chiyankhulo chino tili ndi mwayi umodzi waukulu, ndipo ndi womwe ukutilumikiza inu ndi ine pa wailesi panopa. Zolemba zathu zinakulira m'khutu. Ku Zambia, Julius Chongo ankasimba nkhani zake za Chinyanja pa wailesi m'pulogalamu ya Poceza M'madzulo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo anthu ankasonkhana kuzungulira wailesi imodzi kuti asaphonye. Kuno kwathu akuluakulu akukumbukira Kapalepale ndi Pamajiga pa MBC. Wolembera wailesi amaphunzira msanga kuti chiganizo chimene lilime likupunthwa nacho n'cholakwika, ngakhale chioneke bwino papepala. Ndiye mlembi wa Chichewa sasowa woyesa ntchito yake. Agogo anu amene sanapite kusukulu ndi mkonzi woopsa. Awerengereni nthano yanu madzulo. Akayamba kusinza, kapena akafunsa kuti, "Kodi ameneyu ndi uti tsopano?", dziwani kuti pamenepo pali ntchito. Akati, "Ayi, munthu wamkulu sangayankhule choncho kwa mkamwini wake," musatsutse, lembani. Mukaona asiya kusenda mtedza n'kukuyang'anani, ndime imeneyo musaikhudzenso.

Kuyambitsa bwalo la alembi sikulira chilolezo kapena thandizo lochokera kunja. Shadreck Chikoti anayambitsa Story Club ku Lilongwe pongoitana anthu okonda nkhani kuti azikumana. Inunso anthu anayi kapena asanu mukhoza kupempha kalasi imodzi kwa ahedi Loweruka masana, kapena kukhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Chofunika ndi malamulo ochepa amene nonse mwagwirizana. Wolemba awerenge mokweza, akamaliza akhale chete, asadziteteze, angomvera ndi kulemba. Omvera ayambe anena chimene chawagwira mtima, pakuti mlembi ayenera kudziwanso pamene pali mphamvu yake, kenaka aloze malo enieni amene atayika, osangoti "sizinandikomere". Mukambe za nkhaniyo, osati za mwini wake. Ndipo aliyense, ngakhale amene anasindikizapo kale mabuku, abweretse zake kuti zisendedwe, kuti pasakhale mfumu.

Zimapweteka, ndisakunamizeni. Tsiku limene anthu akuuza kuti mutu umene unaukonda kwambiri ndi wofunika kuuchotsa, umabwerera kunyumba osafuna kulankhula ndi munthu. Ena sabweranso. Koma amene amabweranso sabata yotsatira, atalembanso mutu uja, ndi amene mayina awo timadzawamva.

Ndipo inu amene simulemba, koma muli ndi mwana, mkazi, mwamuna kapena mnzanu amene amalemba, ndikupempheni zinthu ziwiri. Mukamuona wakhala ndi kope lake, mulekeni ola limodzi, kuchigayo mutumeko wina. Ndipo tsiku limene adzalimbe mtima n'kukupatsani kuti muwerenge, musamubwezere mawa lake n'kungoti zili bwino. Werengani mpaka kumapeto, mumuuze pamene munaseka, pamene munatopa, ndi mtengambali amene simunamukhulupirire. Likadzatuluka bukulo, musapemphe laulere chifukwa ndinu achibale. Gulani.